Zimene zimachitika pakati pa chibaluni ndi ulosi wa mawa

Nthawi ikamayandikira 2 koloko masana kuno ku Malawi, yomwe pa wotchi ya akatswiri a zanyengo ndi 12 UTC, m'malo mazana angapo padziko lonse anthu amatulutsa zibaluni zodzazidwa ndi mpweya wa hydrogen kapena helium n'kuzisiya kuti zikwere kumwamba. Kunsi kwa chibaluni chilichonse kumalendewera kabokosi kopepuka kotchedwa radiosonde, komwe kamayeza kutentha, chinyezi ndi kulemera kwa mpweya, pomwe kayendedwe kake kamaulula liwiro la mphepo ndi kumene ikulowera. Chibalunicho chimakwera mamita pafupifupi 5 pa sekondi, chikufufuma pang'onopang'ono, mpaka chimaphulika chitafika makilomita 25 kapena 30. Zomwezi zimachitikanso 2 koloko usiku. Kwa zaka zambiri ine ndinkaganiza kuti manambala ochokera m'timabokosi timeneti amangothiridwa mu kompyuta monga timathirira chimanga m'chigayo, ulosi wa mawa n'kutulukira kunsi ngati ufa. Nditayamba kuphunzira nkhaniyi mozama ndinapeza kuti pakati pa chibaluni ndi ulosi pali ntchito ina yaikulu imene anthu ambiri saimva n'komwe. Ntchitoyo imatchedwa data assimilation, ndipo njira imene malo akuluakulu olosera zanyengo akhala akuidalira kwa zaka pafupifupi 30 ndi ya variational, makamaka mtundu wake wotchedwa 4D-Var.

Kulosera zanyengo masiku ano kumachitika ndi model, yomwe ndi pulogalamu yaikulu ya pakompyuta imene imagawa mlengalenga monse m'timabokosi, n'kumawerengera ndi malamulo a sayansi mmene mphepo, kutentha ndi chinyezi za m'kabokosi kalikonse zisinthire m'mphindi zochepa zikubwerazo, kenaka m'mphindi zotsatira, mpaka masiku atakwana. Model ya bungwe lolosera zanyengo la mayiko a ku Ulaya lotchedwa ECMWF, lomwe likulu lake lili ku Reading m'dziko la Britain ndipo makompyuta ake akuluakulu ali ku Bologna m'dziko la Italy, ili ndi timabokosi ta makilomita pafupifupi 9 m'litali ndi m'lifupi, tosanjikizana magawo 137 kuchokera pansi mpaka makilomita 80 kumwamba. Gawo lililonse lili ndi timabokosi pafupifupi 6.6 miliyoni, kutanthauza kuti tonse pamodzi timapitirira 900 miliyoni, ndipo kalikonse kamafuna manambala angapo model isanayambe n'komwe kuyenda. Bungwe lomweli limanena kuti limalandira zoyezedwa zokwana 800 miliyoni patsiku, ndipo zikasefedwa zimatsala pafupifupi 60 miliyoni zoti n'kugwiritsa ntchito. Nambala imeneyi imamveka yaikulu, koma ikaikidwa pambali pa mabiliyoni a manambala omwe model ikufuna imachepa ndithu. Kuwonjezera apo, zoyezedwazo sizinamwazikane mofanana: ku Ulaya ndi ku North America n'zothithikana, pomwe pakati pa nyanja ya Indian ndi m'madera ambiri a mu Africa zoyezera zapansi ndi zibaluni n'zapatalipatali.

Munthu angaganize kuti mipata yotsalayo ingodzazidwa mwa kuyerekeza ndi zoyezedwa zoyandikana nayo. Kuopsa kwa zimenezo kunaoneka kalekale. A Lewis Fry Richardson anawerengera pamanja ulosi wa maola 6 wa pa 20 May 1910, ndipo m'buku lawo la 1922 analemba mosabisa kuti masamu awo anaonetsa kulemera kwa mpweya kukukwera ndi ma hPa 145 (hPa ndi muyezo wa kulemera kwa mpweya), pomwe tsikulo sikunasinthe kwenikweni. A Peter Lynch atabwereza masamuwo pa kompyuta patapita zaka zambiri, anapeza kuti chimene chinagwetsa a Richardson ndi poyambira pawo: manambala a mphepo ndi a kulemera kwa mpweya omwe anayambira sankagwirizana monga momwe zinthu ziwirizi zimagwirizanirana mumlengalenga weniweni. Mu 1963 a Edward Lorenz anaonetsanso kuti kuphonya kwakung'ono koyambirira kumakula tsiku ndi tsiku mpaka kumeza ulosi wonse. Choncho model imafuna chithunzi cha mlengalenga chokwanira paliponse, choyandikira choonadi, komanso chogwirizana chokhachokha. Chithunzi chimenecho chimatchedwa analysis.

Maganizo amene ali kunsi kwa njira ya variational ndi osavuta, ndipo ine ndimawamvetsa bwino ndikakumbukira mlandu wa pabwalo la amfumu. Mboni ziwiri zikasiyana mawu, nduna sizingogawa nkhaniyo pakati. Zimayamba zafunsa kuti ndi mboni iti inaima pafupi, ndi iti inaona kuli mdima, ndi iti imadziwika kuti imakokomeza. Pa zanyengo mboni yoyamba ndi background, womwe ndi ulosi waufupi wa maola angapo umene model inapanga kuchokera pa analysis yapitayo. Mboni imeneyi ili ndi ubwino woti imanena za kabokosi kalikonse, ndipo imasenza zonse zimene zinayezedwa dzulo ndi dzana. Mboni yachiwiri ndi zoyezedwa zatsopano. Tiyerekeze kuti background ikuti pamalo ena kukutentha madigiri 24, ndipo tikudziwa kuti kawirikawiri imaphonya ndi digiri imodzi, pomwe choyezera chikuti 27, koma chimaphonya ndi madigiri 2. Nambala iliyonse imene tingasankhe timaipatsa chilango: kutalika kwake kuchokera pa mawu a mboni timakuchulukitsa ndi iko komwe, n'kugawa ndi kuphonya kwa mboniyo kochulukitsidwanso ndi iko komwe, kenaka tiwonkhetse zilango ziwirizo. Tikasankha 24 chilango ndi 2.25, tikasankha 27 chilango ndi 9, tikagawa pakati pa 25.5 chimakhala 2.81, koma pa 24.6 chimatsika kufika 1.8, ndipo palibe nambala ina yochepera apo. Analysis ndiye 24.6. Choyezera sichinachotse background pampando, changoikankha pang'ono molingana ndi mmene tikuchikhulupirira.

Chilango chimenechi akatswiri amachitchula cost function, ndipo amachilemba motere: J(x) = ½(x − xb)ᵀB⁻¹(x − xb) + ½(y − H(x))ᵀR⁻¹(y − H(x)). Apa x ndi mlengalenga monse, xb ndi background, y ndi zoyezedwa, B ndi R ndi matebulo ofotokoza kuphonya kwa mboni ziwirizo, ndipo H ndi masamu osandutsa manambala a model kuti afanane ndi chimene choyezera chikuona. Amene anayamba kuona analysis ngati kufunafuna pochepetsetsa pa chilango chotere ndi a Yoshikazu Sasaki mu 1958, koma padapita zaka zoposa 30 kuti makompyuta athe kusenza ntchitoyo tsiku ndi tsiku. Mzere wa masamuwu ndi waufupi, ndipo wophunzira aliyense angaulowezetse tsiku limodzi. Luso lonse lili pa mmene chilembo chilichonse chimasandutsidwira pulogalamu yotha kumaliza ntchito nthawi isanathe.

Chovuta kwambiri pa zilembo zonsezi, m'kuona kwanga, ndi B. Tebulo limeneli silinena kokha kuti background imaphonya mochuluka bwanji pakabokosi kalikonse, limanenanso kuti ikaphonya pano, imaphonya motani pa timabokosi tina. Chibaluni chimodzi chikapeza kuti pamtunda wa makilomita 5 kukutentha kuposa mmene model inanenera, ndi B imene imalamula kuti kukonzako kufalikire makilomita angati kum'mawa ndi kumadzulo, kukwere ndi kutsika magawo angati, komanso kuti mphepo yozungulira pamalopo isinthe bwanji kuti igwirizane ndi kutentha kwatsopanoko. Apa ndi pamene matenda a a Richardson amachiritsidwira. Koma ngati x ili ndi manambala biliyoni imodzi, B ikhala ndi mizere biliyoni yopingasa ndi biliyoni yotsika, kutanthauza manambala 1 wotsatidwa ndi maziro 18, ndipo palibe kompyuta yolosera zanyengo imene ingasunge tebulo lotere, osanenapo za kulitembenuza. Choncho B silembedwa konse. M'malo mwake amamanga masitepe angapo a masamu amene akagwira motsatizana amachita zimene B ikadachita. Sitepe ina imalekanitsa gawo la kutentha ndi kulemera kwa mpweya limene lingadziwike kuchokera pa kuzungulira kwa mphepo ndi gawo lotsala limene lili palokha. Ina imafalitsa kukonza m'mwamba ndi pansi. Ina imakufalitsa m'mbali. Yomaliza imachulukitsa ndi kukula kwa kuphonya pamalo aliwonse.

Palinso funso loti manambala oika m'masitepewo achokera kuti, poti kuphonya kwa background sitingakuyeze mwachindunji popanda kudziwa choonadi. A David Parrish ndi a John Derber, omwe njira yawo ya 3D-Var, mtundu wosavuta wa variational, inayamba kugwira ntchito ku likulu lolosera zanyengo la America mu 1991, anagwiritsa ntchito nzeru yachidule: kutenga maulosi awiri a nthawi imodzimodzi, wina wa maola 48 ndi wina wa maola 24, n'kuona kusiyana kwake kwa milungu yambiri. Njirayi, yodziwika ndi dzina loti NMC method, imapereka B yosasintha, yofanana tsiku la namondwe ndi tsiku labata, ndipo chofooka chimenechi ndibwereranso kwa icho.

Chilembo H ndicho chinasintha kwambiri zinthu kwa ife a kummwera kwa dziko lapansi. Zoyezedwa zambiri zedi zimachokera ku masetilaiti, ndipo setilaiti siyeza kutentha kwa mpweya monga thermometer. Imaona mphamvu ya kuwala kosaoneka ndi maso kumene mpweya, mitambo ndi nthaka zimatulutsa, yotchedwa radiance, ndipo nambala imodzi ya radiance ndi chisakanizo cha kutentha kwa mpweya wochindikala makilomita angapo. Kale ankayamba asandutsa ma radiance kukhala manambala a kutentha ngati a chibaluni, kenaka n'kuwapereka ku analysis, koma kusandutsako kunkalowetsa kuphonya kovuta kukufotokoza. Njira ya variational inatembenuza ulendo: timatenga kutentha ndi chinyezi za mu model, n'kuwerengera ndi pulogalamu ngati RTTOV ku Ulaya kapena CRTM ku America radiance imene setilaiti ikadaona mlengalenga ukadakhala choncho, ndiye tiyerekeze ndi imene yaonadi. Motero chipangizo ngati AMSU-A, chomwe chinayamba kuuluka pa setilaiti ya NOAA-15 mu 1998, kapena IASI ya pa Metop-A ya 2006 yomwe imagawa kuwalako m'matchanelo 8,461, chimalowa mu J mwachindunji. Chimodzimodzinso kupindika kwa mafunde a GPS akamadutsa mumpweya, kumene kumayezedwa ndi masetilaiti ena ali mbali ina ya dziko. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ulosi wa chigawo chakummwera cha dziko, womwe unkatsalira kutali chifukwa cha kuchuluka kwa nyanja ndi kuchepa kwa zibaluni, unali utatsala pang'ono kufanana ndi wa chigawo chakumpoto.

Mu 3D-Var zoyezedwa zonse za maola angapo zimakonza mlengalenga wa nthawi imodzi. Mu 4D-Var nthawi imalowa m'masamu. Bungwe la ECMWF linayamba 3D-Var mu January 1996, n'kusamukira ku 4D-Var pa 25 November 1997. Météo-France inatsatira mu 2000, Met Office ya ku Britain mu 2004, Japan ndi Canada mu 2005. Ku ECMWF zoyezedwa zimasonkhanitsidwa m'zigawo za maola 12, kuyambira 09 mpaka 21 UTC ndi 21 mpaka 09 UTC, zomwe kwathu kuno ndi 11 koloko m'mawa mpaka 11 koloko usiku, ndi kubwereranso. Chimene chikufunidwa ndi mlengalenga wa koyambirira kwa chigawocho umene, model ikauyendetsa maola 12, udutsa pafupi ndi choyezedwa chilichonse pa ola lake lenileni. Phindu lake lina ndi lodabwitsa. Setilaiti ikaona chinyezi pamalo ena m'mawa, ina n'kuchiona chitasunthira kumadzulo masana, njira yokhayo yoti model igwirizane ndi zonse ziwiri ndi kukonza mphepo imene yachinyamula, ngakhale kuti palibe amene anayeza mphepoyo. Kwa ife amene tili pakati pa madigiri 9 ndi 17 kummwera kwa ikweta zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa kufupi ndi ikweta mgwirizano wa pakati pa mphepo ndi kulemera kwa mpweya ndi wofooka, kotero kuyeza kutentha kokha sikuulula zambiri za mphepo monga kumachitira ku Ulaya.

Nanga pochepetsetsa pa J pamapezeka bwanji pamene manambala osintha ali biliyoni? Njira yake ndi kutsetsereka: pamene taima tifunse kuti chilango chikutsikira mbali iti, tiponde phazi kumeneko, tifunsenso. Vuto ndi kupeza mbaliyo, yomwe imatchedwa gradient. Munthu atati asinthe nambala imodzi, ayendetse model maola 12, aone mmene J yasinthira, kenaka atenge nambala yachiwiri, angafunike kuyendetsa model ka biliyoni kuti aponde phazi limodzi lokha. Yankho linabwera m'zaka za m'ma 1980 kudzera mwa a François-Xavier Le Dimet, a Olivier Talagrand, a Philippe Courtier, a John Lewis ndi a Derber omwe aja, ndipo dzina lake ndi adjoint. Choyamba amalemba tangent linear model, yomwe imanena mmene kusintha kwakung'ono koyambirira kumakulira potsata ulendo wa model yeniyeni. Kenaka amalemba adjoint, yomwe imayenda chobwerera m'mbuyo kuchokera kumapeto kwa maola 12, ikutola kusiyana kulikonse kwa pakati pa model ndi zoyezedwa pa nthawi yake, mpaka ifike koyambirira itanyamula gradient yonse ya manambala biliyoni aja. Ulendo umodzi wopita ndi umodzi wobwerera walowa m'malo mwa maulendo biliyoni.

Adjoint imalembedwa mzere ndi mzere, kuyambira mzere womaliza wa pulogalamu kubwerera kumtunda. Ngati tangent linear ili ndi mzere wakuti z = 3x + 5y, adjoint yake, yomwe manambala ake timawalemba ndi kanyenyezi, imati pa x* tiwonjezerepo z* katatu, pa y* tiwonjezerepo z* kasanu, kenaka z* tiibwezere pa ziro. Ine ndinazidziwa bwino zimenezi pamene ndinkaphunzira ndi kamodel kakang'ono ka a Lorenz ka 1963, ka manambala atatu okha. Pali mayeso amodzi amene adjoint iliyonse iyenera kukhoza: utenga manambala ongotola, uwadutsitse mu tangent linear n'kupeza chiwerengero china, uwadutsitsenso mu adjoint n'kupeza chachiwiri, ndipo ziwirizo ziyenera kufanana mpaka madijiti 13 kapena 14. Zanga zinkafanana madijiti atatu oyambirira, achinayi n'kusiyana. Ndinapita kwa aphunzitsi ndili ndi chimwemwe ndithu, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, zatsala pang'ono kufanana, mwina ndi kompyuta chabe." Iwo anangoyang'ana pepalalo n'kundibwezera, amvekere, "Achimwene, adjoint ilibe zoti yatsala pang'ono. Bwererani." Ndinakhala masiku awiri ndikufufuza, ndipo cholakwa chinali chaching'ono chochititsa manyazi: pobwerera m'mbuyo ndinkawerenga manambala a ulendo wa model a sitepe yotsatira m'malo mwa a sitepe imene ndinalipo. Nditakonza kanambala kamodzi kameneko, madijiti 14 anandandalikana ofanana. Kamodel kanga kanali ka mizere yosakwana 100. Model yeniyeni ili ndi mizere mazana a zikwi, ndipo nthawi iliyonse imene akatswiri asintha mbali yofunika ya model, tangent linear ndi adjoint yake ziyenera kusinthidwa ndi kuyesedwanso.

Pali mbali ina ya mlengalenga imene imakana kulowa bwino mu tangent linear, ndipo mwatsoka ndi imene imatipatsa mvula yathu yambiri. Mitambo ya mabingu imayamba mwadzidzidzi: chinyezi chikachepa pang'ono palibe kanthu, chikawonjezeka pang'ono chimvula chatsika. Mu pulogalamu zimenezi zimalembedwa ndi mizere yoti "ngati zafika apa, chita izi, ngati ayi, chita izo", ndipo pamalire otere kusintha kwakung'ono kumabala zotsatira zazikulu zosatsata mzere wowongoka. Chifukwa chake tangent linear ndi adjoint zimagwiritsa ntchito masamu a mitambo ndi mvula osalazidwa dala, osavuta kuposa a mu model yeniyeni. Uku n'kugonja kovomerezeka, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene analysis ya m'madera otentha imavutira kuposa ya m'madera ozizira, kumene nyengo imayendetsedwa ndi zimphepo zazikulu zotenga makilomita zikwi.

Ngakhale ndi adjoint, kuyendetsa model ya makilomita 9 kupita ndi kubwerera maulendo makumi angapo kukadakhala kodula kwambiri. Mu 1994 a Courtier, a Jean-Noël Thépaut ndi a Anthony Hollingsworth anapeza njira imene inachititsa kuti 4D-Var itheke, yotchedwa incremental. Model yeniyeni, ya timabokosi tating'ono ndi masamu ake onse, imayendetsedwa kamodzi kuti tipeze kusiyana kwake ndi zoyezedwa. Uwu ndi outer loop. Kenaka kufunafuna kukonza koyenera kumachitika ndi tangent linear ndi adjoint za timabokosi tokulirapo, zotchipa, maulendo makumi angapo; uwu ndi inner loop. Kukonza kwapezekako kumawonjezedwa, model yeniyeni iyendanso, ndipo zonsezi zimabwerezedwa katatu kapena kanayi. Mu inner loop chilango chimakhala ndi maonekedwe a mbale, chokhala ndi pansi pamodzi pokha, ndipo njira yotchedwa conjugate gradient imatsikira pamenepo mofulumira. Kunena zoona, chikasiyidwa chokha sichikhala mbale yozungulira koma bwato, lalitali ndi lopapatiza, ndipo wotsetsereka m'bwato amangogunda m'mbali uku ndi uku osasunthira pakati. Masitepe aja omanga B amagwiranso ntchito yachiwiri apa: masamu akachitikira pa manambala osinthidwa ndi masitepewo, B imasanduka tebulo losavuta, bwato lifupika n'kuyandikira mbale, ndipo maulendo ofunika amachepa kwambiri.

Mboni yachiwiri nayo siloledwa kulankhula isanafufuzidwe. Choyezedwa chotalikirana kwambiri ndi background chimatayidwa poyambirira, ndipo zokayikitsa zotsala zimachepetsedwa mphamvu mkati mwa kutsetsereka momwemo, pooneka kuti zinzake zoyandikana nazo sizikuzivomereza. Ma radiance amapatulidwa ngati mbewu zothithikana pamzere, chifukwa oyandikana amaphonya mofanana, ndipo kuwawerenga onse kuli ngati kumva mboni khumi zimene zinapangana kunyumba. Zipangizo za pa setilaiti zimakhalanso ndi kupendekera kosatha, kuwerenga mokwera kapena motsika pang'ono nthawi zonse, ndipo kuyambira 2006 ECMWF imaika manambala okonza kupendekerako mkati mwa J momwemo kuti apezeke limodzi ndi analysis. Kuti model ndi masetilaiti zisapendekere limodzi popanda wodziwa, pamafunika zoyezedwa zina zosiyidwa zosakonzedwa ngati nangula, ndipo pakati pa izo pali kupindika kwa mafunde a GPS ndi zibaluni. N'chifukwa chake chibaluni chikadali chamtengo wapatali ngakhale manambala ake ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi a masetilaiti.

Ndibwerere ku B yosasintha ija. Namondwe akamayandikira, background imaphonya kwambiri mozungulira namondweyo, ndipo kuphonyako kumakhala ndi maonekedwe ake osiyana ndi a tsiku labata. Kuti adziwe kuphonya kwa tsikulo, malo olosera amayendetsa ma analysis ambiri nthawi imodzi, aliyense ndi zoyezedwa zogwedezedwa pang'ono, n'kuona pamene akusiyana kwambiri. Ku ECMWF gulu limeneli linayamba mu 2010, ndipo pano lili ndi mamembala 50 omwe amapatsa 4D-Var yaikulu B ya tsiku limenelo. Met Office inasakaniza B yosasintha ndi ya gulu mu 2011. Canada mu 2014 ndi America mu 2016 anatenga njira yotchedwa 4DEnVar, momwe gulu la maulosi limanena mmene kuphonya kumayendera ndi nthawi, kotero adjoint ya model sifunikanso. Ena amaona kuti uku n'kumasuka ku goli la kulemba adjoint. Ine, mwina chifukwa cha masiku awiri aja, ndimapendekerabe ku 4D-Var, popeza mamembala makumi angapo sangafotokoze mokwanira kuphonya kwa manambala biliyoni, ndipo amafunika kudulidwa malire kuti kukonza kwa ku Madagascar kusakhudze mwangozi mphepo ya ku Brazil. Komabe mbali zonse ziwiri zikulosera bwino, ndipo malire a pakati pawo akufufutika chaka ndi chaka.

Namondwe Freddy, amene anasakaza chigawo chakummwera cha Malawi mu March 2023, anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa February n'kuwoloka nyanja yonse ya Indian. Kunyanja imeneyo kulibe ndege zolowa m'kati mwa namondwe kukayeza monga zimachitikira ku Atlantic, ndipo zibaluni zili pa zilumba zowerengeka. Malo ake, mphepo yomukankha ndi chinyezi chomudyetsa zinkalowa m'ma model makamaka kudzera m'masetilaiti, mu H, mu B ndi mu adjoint, kawiri kapena kanayi patsiku kwa milungu isanu. Akatswiri a pa chilumba cha La Réunion, omwe ali ndi udindo wotsata anamondwe a dera lino, ndi a nthambi yathu yoona zanyengo ankawerenga maulosi oyambira pa ma analysis amenewo. Ngakhale ma model atsopano ophunzitsidwa ndi kompyuta, monga AIFS imene ECMWF inayamba kugwiritsa ntchito mu February 2025, sanachoke pa mwambo umenewu: anaphunzira pa ERA5, yomwe ndi mbiri ya mlengalenga kuyambira 1940 yopangidwa ndi 4D-Var, ndipo ulosi wawo uliwonse umayambira pa analysis ya tsikulo.

Bungwe la zanyengo la dziko lonse, WMO, linakhazikitsa mu 2021 muyezo wotchedwa GBON, wofuna kuti pamtunda pakhale choyezera chapansi pa makilomita 200 aliwonse chotumiza uthenga ola lililonse, ndi malo okwezera chibaluni pa makilomita 500 aliwonse kawiri patsiku, ndipo linathandiza kuyambitsa thumba la ndalama lotchedwa SOFF lothandiza mayiko osauka kufikira muyezowo. Munthu womvetsa B amaona chifukwa chake chibaluni chimodzi cha pakati pa Africa chimalemera kuposa chinzake cha ku Germany: kumene zoyezedwa n'zochepa background imaphonya kwambiri, choncho choyezedwa chatsopano chimapatsidwa mphamvu yaikulu ndipo kukonza kwake kumafalikira dera lalikulu. Koma chibalunicho chiyenera kupikisana ndi wotchi. Uthenga wake umayenera kulembedwa m'kalembedwe kovomerezeka, kudutsa pa njira ya mauthenga ya WMO yotchedwa GTS, n'kufika ku Bologna, ku Toulouse kwa Météo-France kapena ku Exeter kwa Met Office pasanathe maola ochepa. Kuyambira 2019 ECMWF imalola zoyezedwa zochedwa kulowa pa outer loop yotsatira pamene masamu ali kale m'kati, zomwe zawonjezera kanthawi pang'ono. Magetsi akazima pamalo okwezera chibaluni kapena intaneti ikaduka, uthengawo n'kufika outer loop yomaliza itayamba kale, ulosi woyamba wa madzulo amenewo umatuluka wopanda chibalunicho, ndipo manambala ake amadikira analysis yotsatira.